A Ellard Kamphulusa ndi Firiji ya Mapepala a Nkhondo

Malemu bambo Ellard Kamphulusa, a Ngozo, anabadwa pa 21 Ogasiti 1966 ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Anali mwana mmodzi yekha wa bambo Stafford Kamphulusa ndi mayi Selina, a Nanzunga, amene akutimvetsera pafoni ali kumudzi, mdzukulu wawo Eva atawagwirira foniyo pakhutu. Ine ndine Rodgers, msuwani wawo wa malemu. Mayi Selina ndi azakhali anga. Abanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi pamaso pa inu ochepa amene malamulo a mliri wa korona akulolani kufika pamanda pano pa Jebel Ali, kuno ku Dubai, ndiponso kwa nonse amene mukutsatira muli kutali. Mundikhululukire ngati mawu sakumveka bwino chifukwa cha kansalu kapakamwaka. Mundikhululukirenso ndikasereula pena, poti pachisuwani sitileka kusereulana ngakhale pamanda.

Bambo awo a malemu anali ochokera kutsidya kwa malire, ku Angonia, ndipo anadzakwatira kwathu. Amene munafikako ku Tsangano mukudziwa kuti malire a kumeneko ndi dzina chabe: munda uli ku Malawi, chitsime chili ku Mozambique, nkhuku zimadya mayiko awiri. M'mwezi wa Juni 1969, nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique itafika kufupi ndi kwawo, bambo Stafford anatenga bulangete limodzi n'kuuza akazi awo kuti akukathandiza anzawo kutchire, abwera mbatata ya kachewere isanakumbidwe. Malemu n'kuti asanakwanitse zaka zitatu. Mbatata ija inakumbidwa, ina inabzalidwa, nayonso n'kukumbidwa. Mu 1975 dziko lija linalandira ufulu, ndipo amene anapita kutchire anayamba kutulukira mmodzimmodzi, ena akuyendera ndodo. Bambo Stafford sanaoneke, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anabwera ndi mawu akuti anagona pakutipakuti.

Mu 1977 akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi n'kugwirizana zochita monga mwa mwambo: kuika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa thupi, kuti maliro alirike, azakhali amete, akhale omasuka. Azakhali anakana. Anati iwo sanakwatiwe ndi nthochi, ndipo sadzalira munthu amene sanaone manda ake kapena kugwira dothi lochokera pamandapo. Amene mukuwadziwa a Nanzunga mukudziwa kuti akati toto, ngakhale ansembe amangotseka buku n'kumapita. Sanamete, sanakwatiwenso. Mawu amenewa ndi amene malemu anakula nawo. Kuyambira pamenepo anali ndi ntchito ziwiri pamoyo wawo: ina yodyera, ina yofuna manda a bambo awo kuti akatengeko dothi, amayi awo alire.

Sukulu anayambira konko ku Tsangano mu 1973. Mu 1982 anasankhidwa kupita kusekondale ku Ntcheu boma, ndipo anamaliza folomu folo mu 1986. Chaka chotsatira anapita ku Blantyre kukaphunzira umisiri wa mafiriji ndi makina oziziritsa. Ife kumudzi tinaseka, tinkati munthu wobadwira kozizira ngati ku Tsangano akukalipira fizi kuti aphunzire kuzizira.

Mu Disembala 1987, ali patchuthi, anapeza kwathu kutadzaza abale athu othawa nkhondo yachiwiri ya ku Mozambique, yapachiweniweni ija. Pakati pawo panali nkhalamba zimene zinamenya nawo nkhondo yoyamba, ya ufulu. Tsiku lina malemu anaona mkulu wina akung'amba pepala lofiirira kuti apichire fodya. Papepalapo panali chidindo ndi mayina otayipidwa m'Chipwitikizi. Atafunsa, mkuluyo anati ndi chiphaso chimene gulu lawo linkayendera pochoka pamsasa wina kupita pa unzake. Malemu anavula juzi imene anavala, m'mphepo ya ku Tsangano, n'kusinthanitsa ndi theka la pepala limene linatsalalo. Dzina la bambo awo panalibepo. Koma anaona kuti nkhondo ija, imene ife tinkaimva ngati nthano, inali ndi mapepala, ndiye kuti penapake pali pepala limene likudziwa komwe bambo awo ali. Pepala limenelo ndi loyamba m'chuma chawo, ndipo lilipo mpaka lero, ndi m'mphepete mwake mong'ambika momwemo.

Mu 1991 analembedwa ntchito pakampani ina ya mkaka ku Blantyre. Pa 7 Ogasiti 1993 anamanga ukwati woyera ndi mayi Anastasia a ku Bembeke, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Chilungamo mu 1995 ndi Eva mu 1998. Alamu anga ali apawa amanena okha kuti anakwatiwa pamitala osadziwa, mkazi wamkulu anali mapepala. Tchuthi chilichonse malemu ankawoloka kupita ku Ulongwe, ku Furancungo, mpaka ku Tete, kufunsira komwe kuli asilikali akale. Ankanyamula shuga, sopo ndi mabatire a wailesi, n'kubwerako ndi timapepala m'thumba la pulasitiki: ziphaso zoyendera, makadi olandirira chakudya, mapu ojambulidwa ndi pensulo, malamulo otayipidwa pakaboni, zikalata zopumira usilikali, ngakhalenso timapepala timene ndege za Apwitikizi zinkamwaza pouza anthu kuti atuluke m'tchire. Ena ankakana kugulitsa, malemu n'kukhala pansi kukopera ndi dzanja. Chilichonse ankachiwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, kufuna dzina limodzi basi.

M'mwezi wa Seputembala 2004 ndi pamene anakumana ndi chokhumudwitsa chachikulu. Ku Ulongwe anapeza mkulu wina amene ankatsogolera gulu cha kumalire kwathu. Atamutchulira dzina lakuti Stafford Kamphulusa, mkuluyo anapukusa mutu mwachisoni n'kuwauza kuti ambiri mwa iwo dzina lakunyumba ankalisiya pamtsinje woyamba kuwoloka, kuopa kuti adani akaligwira angakazunze abale kumudzi. Kutchire munthu ankapatsidwa dzina lina, wina Mphepo, wina Kansire. Ndiye kuti zaka zonse zija malemu ankafuna dzina limene silinalembedwe paliponse, ndipo mwina bambo awo anali kale m'thumba la pulasitiki lija, atavala dzina lachilendo, mwana wawo n'kumawadutsa ndi chala. Ife tinaganiza kuti apa ndiye zathera pomwepa, koma tinali tisanawadziwe a Ngozo. Anati dzina munthu amasintha, koma nkhope sasiya pamtsinje. Kuyambira chaka chimenecho anayamba kusakasaka zithunzi.

Vuto linali lakuti bambo Stafford sanajambulitsepo chithunzi ali kumudzi. Munthu yekhayo wotsala amene ankaidziwa bwino nkhope yawo anali azakhali. Choncho Disembala aliyense malemu ankafika ku Tsangano ndi zithunzi zimene apeza chaka chimenecho, n'kuyala mphasa pakhonde dzuwa likafunda. Ankagwada pambali pa amayi awo, n'kumawapatsa chithunzi chimodzichimodzi pamodzi ndi galasi lokulitsa zinthu. Azakhali ankayendetsa chala pankhope iliyonse ya anyamata onyamula mfuti aja, n'kumati si awa, si awa. Tsiku linkatha choncho. Anthu odutsa ankati amayi ndi mwana akusankha nyemba.

Mu Malichi 2009 malemu anapeza ntchito kuno ku Dubai, pakampani yosamalira makontena oziziritsa padoko la Jebel Ali. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Banja linawatsatira mu 2012, ndipo mu 2014 ananditengako ine, n'kundipezera ntchito yoyendetsa basi ya kampani. Anzawo akuntchito ali pano angachitire umboni kuti anali munthu woti kontena ikalira molakwika, ankaimva ali patali. Kunja kukatentha koti munthu sungagwire chitsulo, ankalowa m'kontena yozizira, n'kupuma mpweya wautali, n'kunena kuti, "Khalas, basi, ndafika ku Tsangano." Kunali kuseka, koma ife odziwa tinkamva kuti munthuyu akulakalaka kwawo.

Kuno anapeza njira ina yosonkhetsera mapepala. Anaphunzira kuti ku Portugal kuli ana a asilikali akale amene amagulitsa pa intaneti zinthu zimene makolo awo anabwera nazo kuchokera kunkhondo, zina mwa izo zolandidwa m'misasa ya omenyera ufulu. Anapezanso mnzawo wakuntchito, mkulu wa ku Goa, mmwenye amene anakulira ku Beira, woti aziwawerengera Chipwitikizi nthawi yopuma masana, malipiro ake kapu ya tiyi wa karak. Mdani wa pepala kuno ndi chinyontho, ndiye malemu, monga mmisiri, anatenga firiji yakufa imene anthu anataya, n'kuikonza mphira wa pachitseko, n'kuikamo timatumba toyamwa chinyontho ta m'makontena, n'kuiimika pabalaza. Palibe mlendo amene sanapusitsidwepo nayo. Ine ndemwe tsiku loyamba ndinaitsegula ndili ndi ludzu, ndikuyembekezera chakumwa chozizira, n'kupeza nkhondo yonse ya Mozambique yandandalikidwa m'mashelefu. Ndinakalipiridwa ngati mwana. Sankalola munthu kugwira pepala opanda magolovesi oyera, moti mliri utabwera ankatiseka kuti iwo anayamba kalekale zimene dziko langozidziwa kumene.

Ngakhale anali kutali chonchi, Disembala wa pamphasa sanaphonyepo. Azakhali akamaliza kunena kuti si awa, malemu ankasonkhanitsa zithunzi zawo bwinobwino n'kunena kuti, "Chaka chamawa, amayi, inshallah." Azakhali ankawafunsa ngati asintha mpingo. Ife ena tinkawauza kuti asuwani, mukufuniranji nkhope m'mapepala pamene mudzi wonse ukunena kuti inuyo ndi bambo anu enieni, makutu, mpata wa m'mano, ngakhale katsokomoledwe? Ankayankha kuti kufanana si manda. Komabe ankasunga kachithunzi kawo kakale ka pachiphaso cha kusukulu ya umisiri, n'kumakaika pambali pa nkhope iliyonse yatsopano. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mwezi wa Malichi 2020, masiku omwe dziko linayamba kutseka zitseko, malemu anagula buku la zithunzi kwa mayi wina wa ku Lisbon. Bambo a mayiyo akuti analitola pamsasa wina wa kumapiri a ku Angonia cha m'ma 1970. Bukulo linafika mu Juni, titatopa kudikira. Patsamba lachinayi pali gulu la anyamata ataima pansi pa mtengo. Kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanzere, kuli mnyamata wamtali wofunda bulangete paphewa, akumwetulira, mpata wa m'mano uli poyera. Kumbuyo kwa chithunzicho sikunalembedwe kanthu. Malemu anandiitana kuti ndidzaone, ndipo ndinapeza manja awo akunjenjemera m'magolovesi muja. Koma anakana kunena kuti ndi iwowo. Anati mawu amenewo si awo, ndi a amayi.

Anayesa kutumiza chithunzicho pafoni ya Eva, amene anali atabwerera kumudzi kukakhala ndi agogo ake. Azakhali anati foni imanamiza nkhope, abwere nacho yekha mwiniwake, adzakhale pamphasa. Disembala atafika, ndege zinali zitayambiranso, koma malemu anaopa. Tsiku ndi tsiku ankakhala pakati pa anthu padoko, ndipo anati sangadzikhululukire atanyamula matenda kukapatsira amayi awo okalamba. Aka kanali koyamba kuphonya Disembala. Anati apita pa Pasaka. Chithunzi anachiika pashelefu yapamwamba, ndipo alamu akuti madzulo aliwonse akaweruka ankatsegula firiji ija n'kuima pamenepo kanthawi, osagwira kanthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 19 Januwale 2021 malemu anabwera kuchokera kuntchito akudandaula mutu ndi kuphwanya kwa thupi. Atayezedwa anapezeka ndi matenda a korona. Pa 24 Januwale mpweya unayamba kuchepa ndipo anawagoneka m'chipatala, kumene sitinkaloledwa kulowa. Masiku oyamba ankalankhula nafe pafoni. Mawu omaliza amene anauza akazi awo sanali a ndalama kapena a nyumba. Anati firiji isamatsegulidwe chisawawa, ndipo ngati iwo achedwa, Chilungamo adzapite nacho chithunzi chija kwa agogo ake, tsamba lachinayi, wakumanzere. Madokotala ndi anamwino anayesetsa mbali yawo. Pa 6 Febuluwale 2021 malemu anatisiya, ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi.

Tinayesa njira zonse kuti thupi lipite kumudzi, koma malamulo a nthawi ya mliri sanatilole. Ndinene mosabisa, anamalira, izi zatiwawa kuposa mmene ndingafotokozere. Munthu amene moyo wake wonse ankafuna kubweza bambo ake kuchokera kudziko la eni, lero tikumugoneka m'dziko la eni, kutali kuposa komwe bambo akewo anagona. Ndipo ine ndi amene ndinapatsidwa ntchito yowauza azakhali. Ndinkaopa kuti anena zomwe ananena mu 1977, kuti salira munthu amene sanaone manda ake.

Ndinawauza pafoni. Dzana ndi pamene anauza Eva kuti andiimbire, ndipo anandipatsa mawu oti ndinene pano, pamaso pa mwana wawo, bokosi lisanatsike. Ndiwanena monga anandiuzira. Akuti maso awo anachita ng'ala kuyambira cha m'ma 2016, ndipo zaka zonsezi pamphasa paja sankaona nkhope ina iliyonse, ankangoona mdima ndi kuyera. Ankayendetsa chala mwachizolowezi n'kumati si awa. Eva ankadziwa, koma anamulumbiritsa kuti asaulule. Akuti anaopa kuti akanena, mwana wawo adzataya mtima, poti maso okhawo odziwa nkhope ija adzakhala atatha. Akutinso asaname pamaso pa Mulungu: ankalifuna tsiku limenelo. Ankafuna mwana wawo agwade pambali pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, amve kupuma kwake ndi mawu ake, chifukwa mawu amenewo anali a amuna awo. Akuti nthawi yonse imene Ellard ankayenda padziko, iwo sankaona chifukwa cholirira a Stafford.

Ndinawafotokozera za chithunzi chija, za bulangete paphewa ndi mpata wa m'mano. Anati mwana wawo wayang'ana nkhope za anthu akufa zaka zochuluka kuposa wina aliyense, ndipo ngati manja ake ananjenjemera, iwo alibe chotsutsa. Ndiye ndiloleni nditembenukire kwa mwiniwake. Asuwani, a Ngozo, mawu amene munawadikira kuyambira muli mnyamata ndi awa. Amayi akuti ndi omwewo. Akuti mwawapeza.

Azakhali apemphanso chinthu chimodzi. Akuti tikakwirira, Chilungamo atape dothi la pamanda pano kawiri, dzanja limodzi la abambo ake, dzanja lina la agogo ake aamuna, chifukwa nkhope ya a Stafford, imene mwana wawo anatengera, ikulowa m'manda lero, ndipo manda amene ankafunidwa aja ndi ano. Ndinawauza kuti azakhali, kuno kulibe dothi, ndi mchenga wokhawokha. Anandiyankha kuti mchenga umene wafunditsa mwana wawo ndi dothi. Njira zikadzatseguka bwino, Chilungamo adzapita nalo ku Tsangano pamodzi ndi chithunzi chija. Akuti tsiku limenelo adzaligwira m'manja, adzalira amuna awo ndi mwana wawo, ndipo adzameta.

Malemu asiya amayi awo, mayi Selina Kamphulusa. Akazi awo, mayi Anastasia. Ana awiri, Chilungamo amene akugwira ntchito pahotela kuno ku Business Bay, ndi Eva amene ali kumudzi. Komanso ife asuwani ndi adzukulu ambirimbiri a mbali zonse ziwiri za malire. Asiyanso firiji ija. Banja lagwirizana kuti mapepalawo sagulitsidwa. Tidzafuna malo osungirako zinthu zakale kwathu kapena kutsidya, kuti ana a anthu ena amene anasiya mayina pamtsinje akathe kukayendetsapo chala.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anakhala nawo pamene ife sitikanatha. Ansembe amene abwera kudzatitsogolera. Akuluakulu a kampani ndi anzawo a padoko. Mkulu wa ku Goa uja, amene ali kumbuyoko ndipo walira nafe ngati mbale. Gulu la Amalawi ndi abale athu a ku Zambia okhala kuno, amene mwasonkha ndi kuyenda m'maofesi. Ndiponso amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu kuno ku Jumeirah, amene simunaloledwe kutuluka koma mwakhala mukuimba nyimbo za maliro pafoni masiku onsewa. Maliro n'kulirana, ndipo mwatilira. Shukran, zikomo kwambiri, Mulungu akubwezereni.

Pitani bwino, a Ngozo. Kumene mukupitako simukafunanso galasi kapena magolovesi, mukawadziwa ndi mpata wa m'mano. Mzimu wa bambo Ellard Kamphulusa uuse mumtendere. Ndipo kwa nthawi yoyamba, ndi chilolezo cha a Nanzunga, ndikunena poyera kuti mzimu wa malemu bambo Stafford Kamphulusa nawonso uuse mumtendere.